Zimene Taonga Ananena Kuseri kwa Chigafa

Kezia anali pakhonde, timawaya tomvera tili m'makutu, akulemba pa laputopu mawu a mayi wina amene anamujambula pafoni, pamene njinga yamoto inaima pachipata. Anadzutsa mutu. Amene ankatsika anali a Zgambo a ku Manyamula, atavala jekete lakuda ngakhale dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuluma.

"Odi kuno!"

"Odini, adada. Fikani," anatero Kezia uku akuthamangira m'nyumba kukatenga mpando.

A Zgambo anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, munthu womveka kwawo. Ankadziwana ndi amayi ake a Kezia, a Chimwaza, kudzera kumpingo. A Chimwazawo anali namwino wochokera ku Dowa, ndipo anali atagwira ntchito pa boma la Mzimba zaka khumi ndi ziwiri. Kezia atabwera kuchokera kuyunivesite ndi kafukufuku wake wa chaka chomaliza, anali a Zgambo omwewo amene anayenda naye khomo ndi khomo ku Manyamula n'kumauza anthu kuti, "Uyu ndi mwana wathu, muyankhule naye momasuka."

Kafukufukuyo anali wokhudza moyo wa amayi amene amuna awo anapita kukagwira ntchito ku Joni. Kuti amalize digiri yake ya sosholoje, Kezia ankayenera kucheza ndi amayi makumi awiri ndi kubwerera kusukulu ndi mawu awo pasanathe milungu itatu. Anali atacheza ndi khumi ndi mmodzi.

A Chimwaza anatuluka ndi tiyi, malonje n'kuchitika. A Zgambo anamwako pang'ono, kenako anaika kapu pansi.

"Sindinabwerere tiyi, a nesi. Ndabwerera mawu a mkamwana wane, mkazi wa Maclean." Anatembenukira kwa Kezia. "Lachiwiri unakhala ndi NyaHara kuseri kwa chigafa maola awiri. Anzake onse sumafika nawo ndi ola lomwe. Iye anachokako maso ali psuu. Anthu anaona, mbwenu nkhani yafika ku Joni. Mwana wanga akuimba foni m'mawa, masana ndi madzulo. Akufuna kudziwa chimene mkazi wake analilira pamaso pa mlendo."

NyaHara ndiye Taonga, mayi wa ana atatu. Kezia ankakumbukira mawu ake onse ngakhale osatsegula foni. Maclean ankabwera mu Disembala chaka chilichonse, kukhala milungu itatu, kusiya mimba n'kubwerera. Pa mwana wachitatu Taonga anataya magazi ambiri ali pangolo, ulendo wa kuchipatala, moti amayi amene anamuperekeza anayamba kulira maliro ali panjira. Kuyambira pamenepo, miyezi itatu iliyonse ankatsanzika kuti akupita kuboma kukagulitsa nyemba, koma ankakabayitsa jakisoni wolera. Panalibe ankadziwa. "Akadziwa andithamangitsa," anatero tsiku limenelo, "ndipo ana atsala. Kuno ana ndi a kuchimuna."

"Tsegula tsono, ndimve," anatero a Zgambo. "Ndikamva kuti palibe choipa, ndimuuza Maclean agone tulo, nkhani yatha."

"Pepani, adada. Sindingatsegule."

"Watani?"

"Mayi aliyense ndisanamujambule ndimamulonjeza kuti mawu ake sadzamva wina, ndipo m'buku langa dzina lake silidzaoneka. Timasainirana pepala."

A Zgambo anaseka. "Pepala? Mwana wane, ine ndagwira mapepala zaka makumi atatu ndi zinayi. Pepala limenelo ndi la anthu akunja, osati ine. Ng'ombe za malowolo a mkazi ameneyu zinatuluka m'khola langa. Chimene wanena ndi nkhani ya pakhomo panga."

"Ndikumva, adada. Komabe sindingathe."

"Ndani anakulowetsa m'mudzi muja?"

"Ndinu, ndipo ndikuthokoza kwambiri."

"Mbwenu Lolemba ubwere ndi foni yakoyo. Banja lonse lidzakhala pansi. Ukadzakana pamaso pa anthu, ndidzadziwa kuti ndinalowetsa munthu wanji." Anaimirira, n'kukonza jekete. "Yewo chomene tiyi, a nesi."

Njinga isanafike n'komwe pamsewu, a Chimwaza anali atayamba kale.

"Iwe Kezia, mutu wako uli bwino? Munthu wamkulu ngati uja ukumuyankha ngati mnzako wa m'kalasi? Ife kuno ndife obwera. Zaka zonsezi ndakhala bwino ndi anthu chifukwa ndimadziwa poimira. Tsegula kamphindi kochepa, amve, apite."

"Amayi, mwamuna atabwera kuchipatala kwanu n'kunena kuti mumuuze chimene mkazi wake wabwerera, mungamuuze?"

"Usayerekeze zinthu zosiyana. Ku chipatala kuli lamulo, ndipo ndinalumbira. Zakozi ndi ntchito ya kusukulu basi."

"Inenso ndinalonjeza."

"Ndinakuuza ine kuti uchite unamwino, unakana. Zaka zinayi zathunthu ukuphunzira kumvera miseche ya m'makomo mwa anthu. Digiri ya miseche! Taona tsono kumene yakufikitsa."

Mawuwo anamubaya Kezia, chifukwa sikanali koyamba kuwamva. Kumsika, kutchalitchi, ngakhale abale a ku Dowa, aliyense akamva dzina la maphunziro ake ankafunsa funso limodzi lomwelo: "Ndiye ukamaliza uzidzagwira ntchito yanji?" Anatola makapu mwakachetechete n'kupita kuseri kwa nyumba, komwe anaimbira foni a Dokotala Kaliwo, aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wake.

"Usapereke," anatero a Kaliwo atamva zonse. "Ndipo kumudziko usapitenso. Ukapeze amayi ena kwina. Koma ndikuuziretu, tsiku silisuntha. Ukabwera ndi anthu osakwana, udzamaliza chaka chamawa."

"Ndikapanda kupita, adzamufunsa yekha mayiyo. Ndine ndinamukhazika kuseri kwa chigafa."

"Ine ndakuuza maganizo anga. Zinazo ndi zako."

Lolemba m'mawa Kezia anakwera kabaza wa njinga yamoto. Msewu wa ku Manyamula unali fumbi lokhalokha, ndipo pofika nsidze zake zinali zitafiira. Anavala chitenje pamwamba pa siketi asanalowe m'mudzi.

Anthu anali atakhala kale. Amuna asanu anali pamipando pansi pa mtengo wa muwanga, pafupi ndi khola la ng'ombe. Amayi anali pamphasa chapatali, ndipo pakati pawo Kezia anazindikira angapo amene anacheza nawo. Taonga anali atagwada payekha kumapeto kwa mphasa, atazolika, mpango utatsika mpaka pamphumi. Pakati pa bwalo panali kampando, ndipo pakampandopo panali foni ya a Zgambo.

Kezia anagwada n'kupereka moni kwa amuna, kenako kwa amayi. Anayankha ochepa.

"Maclean, wafika mtsikana uja," anatero a Zgambo mokweza, atawerama pafoni. "Tiyankhula Chichewa kuti asadzati sanamve."

Mawu a Maclean anatuluka pafonipo, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la magalimoto.

"Sisi, ine sindikudziwa, ndipo ndilibe nawe chifukwa. Ine kuno ndikuvutika, ndimagona anthu asanu chipinda chimodzi kuti ana anga adye. Zaka zinayi ndakhala ndikubwera Disembala aliyense, koma mwana palibe. Tsopano ndikumva kuti mkazi wanga akulira kwa anthu achilendo. Kaya ali ndi mwamuna wina, kaya pali chimene akuchita, ine ndikufuna ndimve ndi makutu anga. Tsegula."

Kezia anaona zala za Taonga zikukanda mphasa. Anayesetsa kuti nkhope yake isaonetse kanthu.

"Mwandiitana kuti ndibwere ndi foni," anatero. "Ndabwera nayo, ndi iyi. Koma sinditsegula."

Amuna aja anang'ung'udza. Mng'ono wawo wa a Zgambo, bambo wamfupi wa ndevu zoyera, anamenya ndodo pansi.

"Ana a ku Chichewa ndi choncho! Ulemu alibe. Mlandeni foniyo!"

"Mukhoza kulanda, adada," anatero Kezia. "Koma ili ndi nambala yotsegulira, ndipo nambalayo ili m'mutu mwanga."

A Zgambo anakweza dzanja kuti mng'ono wawo akhale chete. Iwo sankakonda phokoso. Anayankhula modekha, ngati mmene ayenera kuti ankayankhulira ndi ana olakwa mu ofesi yawo.

"Kezia, tamvera. Watsala ndi amayi asanu ndi anayi. Ndikangonena mawu amodzi, palibe mayi wa dera lino amene adzakutsegulire pakamwa. Ndiponso ndilembera kalata akuluakulu a sukulu yako, kuwauza kuti mwana wawo akupasula mabanja kuno. Zaka zinayi za amayi ako zipite m'madzi chifukwa cha kamphindi kochepa? Ganiza bwino."

"Lembani, adada. Ndikupatsani dzina la aphunzitsi anga ndi keyala yawo, kuti kalatayo isasochere."

Mayi wina pamphasa anatsokomola mobisa kuseka. Nkhope ya a Zgambo inauma.

"Iwe sisi!" anakuwa Maclean pafoni. "Ndiuze chimodzi chokha. Mkazi wanga ananena chiyani za ine?"

Kezia anayang'ana kampando kaja. Anali atakonza mawu aulemu ali panjira, koma onse anamuthawa.

"A Maclean, mkazi wanu ali pompano. Ine sindinachite matsenga ayi. Ndinangokhala naye pansi maola awiri n'kumamvetsera. Mukafuna kudziwa zimene zili mumtima mwake, mubwere mudzachite chimodzimodzi."

Pafoni panangomveka magalimoto okha.

Kezia anadziwa kuti wapitirira malire, ndipo kubwerera kunalibe. Anachita chinthu chimene pamudzipo sichichitika: anafulatira amuna n'kuyenda chogwada kupita kumene kunali Taonga, mkamwana amene sankayenera kuyankhula pamaso pa apongozi ake aamuna.

"NyaHara," anatero, mokweza kuti onse amve, "mawu ali mufoni muno si anga, si a yunivesite. Ndi anu. Ndinakuuzani tsiku lija kuti mukhoza kuwabweza nthawi iliyonse. Mukati ndisunge, ndisunga. Mukati ndifufute, ndifufuta pompano. Nenani ndinu."

Taonga sanadzutse mutu. Anayankhula moyang'ana pansi.

"Ine sindinanene choipa chilichonse. Anandifunsa za kumunda ndi za ana, ine ndinakumbuka amama anga amene anamwalira, mbwenu ndinalira. Ndinalakwa kuyankhula ndi mlendo. Anandinyengerera ndi iyeyu." Anameza mate. "Fufutani."

Mawu oti "anandinyengerera" anamuwawa Kezia ngati khofi. Pa amayi onse, mawu a Taonga ndiwo anali msana wa buku lake. Anali atawaika kale m'maganizo kuti ndiwo adzatsegule mutu wachinayi. Komabe sanatsutse. Anatsegula foni, anaonetsa Taonga pamene panali mawu ake, n'kudina. Foni inafunsa ngati akutsimikiza. Anadinanso.

"Zapita."

A Zgambo anaimirira. "Mwaona nonse! Munthu wosalakwa safufuta. Akanakhala kuti ananena za kumunda zokha, akanaopa chiyani? Maclean, wamva wekha."

Kezia sanaganizire zimenezo. Poyesa kumuteteza Taonga, anali atamuika poyera kuposa kale.

Pamenepo mayi wina wachikulire anasuntha pamphasa. Anali a Bessie, amene onse ankawatchula NyaSoko, mkazi wa msuweni wa a Zgambo. Amuna awo anali ku Joni zaka khumi ndi zisanu, ndipo Kezia anacheza nawo tsiku loyamba lenileni.

"Mwana iwe," anatero NyaSoko, "zanganso ufufute."

"Mulamu, inu zikukukhudzani bwanji?" anafunsa a Zgambo.

"Ine ndinangodandaula za feteleza ndi mbuzi zanga zimene anaba. Koma ngati masiku ano mawu a munthu akumaitanitsidwa pabwalo, yayi, ine anga sindikuwafuna mmenemo. Kapena nanenso ndili ndi mwamuna wina, ndi mano atatu otsalawa?"

Amayi anaphulika kuseka. Asanamalize, wina anakweza dzanja. "Nanenso, fufutani." Kenako wina, mtsikana wobereka khanda kumbuyo. "Ine wuwo."

Kezia anayang'ana NyaSoko. Mayiyo sanamwetulire, anangomuyang'ana m'maso kamodzi, kenako n'kuyang'ana kumene kunali Taonga. Kezia anamvetsa kuti mayiyo akuphimba Taonga. Anapita kwa mayi aliyense, kumuonetsa mawu ake, n'kufufuta. Chala chake chinkalemera pa mayi aliyense: ulendo wa panjinga, fumbi, maola olemba, zonse zikuchoka iye akuona. Atamaliza anali atatsala ndi amayi asanu ndi awiri.

"Tsono amene afufutitsa ndi anayi, mulamu," anatero NyaSoko. "Mutithamangitse tonse."

A Zgambo anayang'ana Kezia.

"Za mufoni zapita. Koma za m'mutu mwako zilipo. Ndikukufunsa komaliza, monga kholo: ananena chiyani?"

"Za m'mutu mwanga ndipita nazo, adada."

"Mbwenu pita nazo. Phazi lako lisadzapondenso pano." Anatola foni pakampando. "Maclean, tidzakambirana ukabwera mu Disembala. Pano palibe chimene tamva."

Wa kabaza anali atapita kale. Kezia anayenda pansi mpaka pamsika wa Manyamula, dzuwa lili pamutu, popanda womuperekeza. Ali panjira anafuna kulira koma misozi sinabwere. Chimene chinabwera ndi mkwiyo, ndipo sankadziwa kuti akwiyire ndani. Pamsika anadikira ola lathunthu asanapeze njinga yobwerera kuboma.

Anafika kunyumba chakumadzulo, n'kupeza amayi ake atangoweruka, akuvula nsapato zoyera pakhonde. Anawafotokozera zonse kupatula zimene Taonga ananena. A Chimwaza anamvetsera atagwira tsaya.

"Ndiye watsala ndi asanu ndi awiri? Pa makumi awiri?"

"Eya."

"Koma si unalemba kale mawu awo pa laputopupo? Ndimakuona tsiku ndi tsiku ukugogoda."

"Ndinalemba. Ndikufuna ndifufutenso."

"Iwe! Amene akudziwa kuti zili mmenemo ndani? Sintha mayina, upereke. Aphunzitsi ako sadzadziwa, a Zgambo sadzadziwa, eni akewo sadzawerenga n'komwe buku lako. Wachita kale zaukatswiri zako pabwalo, zakwana. Usataye chaka chifukwa cha liuma."

Kezia anatsegula laputopu. Masamba khumi ndi anayi a Taonga anali pomwepo, ndi timawu take tomwe, ngakhale pamene anasiya kuyankhula n'kuyamba kulira. Amayi ake sankanama: palibe akanadziwa. Anawerenga mzere woyamba, n'kusiya.

"Anandiuza kuti ndifufute, amayi. Sananene kuti ndifufute pamene anthu akuona pokha."

Anafufuta a Taonga, a NyaSoko, ndi a amayi awiri aja. Anatseka laputopu.

A Chimwaza anapukusa mutu. Anatenga nsapato zawo kuti alowe m'nyumba, koma anaima pakhomo.

"Mkamwana wa a Zgamboyo, NyaHara. Ndi wamtali, woderapo, wa chipsera pachibwano?"

Kezia anawayang'ana. "Eya. Mukumudziwa?"

Mayi ndi mwana anayang'anana. Kezia anakumbukira kuti Lachinayi lililonse amayi ake ndiwo ankakhala m'chipinda cha zakulera. Sanafunse, ndipo iwo sananene.

"Ndimaona anthu ambiri," anatero a Chimwaza pomaliza. Analowa m'nyumba, ndipo patapita kanthawi Kezia anawamva akuyankhula pafoni. Atatuluka anali ndi kapepala m'manja.

"Ku Euthini kuli mnzanga amene tinaphunzira limodzi, dzina lake Linily. Wati ukhoza kugona kwake. Koma wanenetsa kuti zokupezera anthu iye sachita nawo, uzikayenda wekha. Liuma limenelo ukaligwiritse ntchito kumeneko."

Lachitatu m'mawa Kezia anakwera pikapu ya ku Euthini, atakhala pathumba la chimanga pakati pa mabasiketi ndi njinga ziwiri zomangidwa. Masiku otsala anali khumi ndi asanu ndi awiri, amayi ofunika khumi ndi atatu, ndipo kumene ankapitako kunalibe munthu womunenera kuti uyu ndi mwana wathu.

Anafika msika uli pakati. Anasiya chikwama kwa a Linily, n'kubwerera pamsikapo ndi mapepala ake. Mayi woyamba amene anamuyandikira anangomva mawu oti kafukufuku n'kufunsa ngati akulemba mayina a makuponi. Atamva kuti ayi, anatembenuka. Wachiwiri anati amuna ake ali pompo, akumeta tsitsi kuseri kwa sitolo. Wachitatu anati alibe nthawi. Pofika masana Kezia anali atakanidwa kasanu ndi kamodzi.

Kumapeto kwa mzere wa ogulitsa nyemba kunali mayi wina wonenepa, atakhala pachidebe chovundikira, akupeta nyemba m'lichero. Anali akumuyang'ana Kezia nthawi yonseyi.

"Iwe wa mapepala, tabwera. Ukugulitsa vichi kuti aliyense akukuthawa?"

Kezia anagwada pambali pake n'kufotokoza: dzina lake, sukulu yake, ndi chimene ankafuna.

"Sosho chani?"

"Sosholoje, amama. Timaphunzira mmene anthu amakhalira."

"Mmene timakhalira mpaka kupitira kuyunivesite? Si ungobwera kuno udzaone?"

"Ndi chifukwa chake ndabwera."

Mayiyo anaseka mpaka lichero linagwedezeka. Kenako kuseka kunatha, ndipo anayang'ana foni imene inali m'manja mwa Kezia.

"Wanga ali ku Joni chaka chachisanu ndi chinayi. Ndili nazo zambiri. Koma anthu a mapepala inu mumanyenga. Ndikayankhula m'kanthu kakoko, mawa apongozi anga adzamva."

"Sadzamva."

"Atabwera okha, ndi ndodo, n'kukuuza kuti tsegula?"

"Ndidzakana."

"Onse amatero."

Kezia anangokhala chogwada pafumbipo, osachotsa maso. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato zofiira ndi dothi, akutola timiyala m'nyemba kamodzikamodzi. Kenako anaitana mnzake wa pambali kuti amuyang'anire malonda, anakoka thumba lopanda kanthu n'kuliyala kuseri kwa benchi, pamthunzi.

"Khala apa. Ola uli nalo?"

"Ndili nawo awiri, amama."

"Mbwenu yatsa. Tiyambire tsiku limene anakwera basi."